Chilonda cha pafupa chikatenga zaka osapola: zoyenera kuchita khansa isanafalikire

M'midzi yathu kuno ku Chipata muli anthu amene akhala ndi chilonda pamsongolo kuyambira ubwana. Tizilombo tinalowa m'fupa, matenda amene madokotala amati osteomyelitis, ndipo kabowo kake kamatulutsa mafinya, kutseka, n'kutsegukanso. Munthu amafika pozolowera: kumanga kansanza, khasu paphewa, ulendo wakudimba. Koma patapita zaka 20 kapena 30, khungu la m'mbali mwa kabowoko likhoza kusanduka khansa n'kuyamba kudya fupa. Zimachitikira ochepa, komabe kwa amene zamugwera, chimene chimamupha kawirikawiri ndi kuchedwa.

Yambani ndi kumasula nsanzayo, muchione chilondacho padzuwa. Kodi fungo lakula kuposa kale? Kodi mnofu watumphuka m'mbali ngati bowa, n'kumatuluka magazi mukangokhudza? Ululu ukukuletsani tulo? Gwiraninso mphechepeche, mumve ngati mwatuluka mwanabere wolimba. Mukapeza chimodzi mwa izi, musadikire kuti mukolole kaye.

Pitani kukiliniki yanu mukatenge kalata yokutumizani ku Chipata Central Hospital, kapena ku St Francis ku Katete ngati ndiko kufupi. Kwa adokotala musangoti "mwendo ukuwawa". Nenani kuti, "Chilondachi ndakhala nacho zaka 25, koma miyezi itatu yapitayi chasintha." Mawu amenewa ndi amene adzawatsegule maso.

Adzajambula fupa pa X-ray, kenako adzadula kamnofu kakang'ono kuti kakapimidwe ku labu. Ena amakana poopa kuti mpeni ubalalitsa matenda. Chonde lolani, chifukwa popanda kupima kumeneku palibe angadziwe chimene akuchiza. Zotsatira zimatha kutenga masabata. Siyani nambala ya foni, sungani khadi, ndipo muzikafunsa nokha.

Ikapezeka khansa, mankhwala ake enieni ndi opaleshoni. Ngati sinazame, amachotsa chilondacho pamodzi ndi mnofu wozungulira ndi fupa lowola, n'kuphimba ndi khungu lotengedwa pantchafu. Ngati yalowa m'fupa, nthawi zambiri amanena zodula mwendo. Apa m'pamene mabanja ambiri amanyamula wodwala n'kubwerera naye kumudzi, ndipo ine zimandipweteka mtima. Ndikudziwa kuti mwendo ndiwo munda, ndiwo njinga. Koma khansa imeneyi ikachotsedwa isanafike mphechepeche kapena m'mapapo, ambiri amakhala zaka zambiri, akuyenda ndi ndodo kapena mwendo wochita kupanga. Ikafalikira, kuchira kumavuta kwambiri, ndipo chithandizo chimakhala chochepetsa ululu.

Akakutumizani ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, komwe akatswiri amaona ngati pakufunikanso kuwotcha khansa ndi makina, khalani pansi ndi abale mwamsanga, musonkhe ya basi ndi kusankha wokadwazika. Mukabwerako, musaphonye tsiku lililonse limene akulemberani pakhadi, ndipo posamba muzigwira mphechepeche ndi pachipsera. Kachotupa kakangoonekera, bwererani sabata yomweyo.