Kandalama ka pa chiwaya si kadzutsa

Chiyambire teremu ino ndakhala ndikudutsa pa masukulu a sekondale oyendera nthawi ya buleki, ndipo zomwe ndikuona zikundiwawa mumtima. Ana aunjikana pa chiwaya, wina tchipisi m'kajumbo, wina zigege, wina mandasi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Komatu ino ndi nyengo yokolola. Kwawo mbatata zili mbwee, mtedza wayanikidwa pabwalo, maungu akuwolera kuseri kwa nkhokwe. Mwana wanyamuka osalawa kanthu, mayi angomufumbatitsa kandalama, ati "ameneyu phala sadya."

Makolo anzanga, apa ndi pamene tikulakwitsa. Tchipisi cha m'mafuta oti akazingiramo mpaka kuda bii chimakhala m'mimba nthawi yaitali. Botolo limodzi la 300 ml la zakumwa zotsekemera zija lili ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni ang'onoang'ono 8. Mwanayo akafika pakhomo njala alibe, nkhwani angoukankhira pambali, usipa ati ukununkha. Inu n'kumati amasankha zakudya, mawa n'kumuonjezera ndalama pomumvera chisoni. Kusankhako mukukugula nokha ndi ndalama ya mtedza womwe mukanamusinjira!

Kupatula paukhanda, palibe nthawi ina imene thupi limakula mofulumira ngati pamene mwana akutha msinkhu. Mafupa akutalika, magazi akufunika ambiri, ndipo mtsikana amene wayamba kusamba amataya ayironi, amene amathandiza thupi kupanga magazi, mwezi ndi mwezi. Mu zigege ndi mandasi ayironi wochuluka amupeza kuti? Zotsatira zake ndi chizungulire, kuwodzera m'kalasi, kuiwala zomwe wawerenga, pamene mayeso a JCE ndi MSCE ali pakhomo. Za magulu asanu ndi limodzi a zakudya sindibwerezanso, tinaphunzitsana kale kusikelo.

Chimene chimanditopetsa ndi maganizo akale oti mwana wonenepa ndiye wathanzi. Mwezi watha bambo wina, mlimi wa fodya, anandiitana kuti ndione mwana wake wa Fomu 2. "Alangizi, taonani momwe wanenepera, chaka chino tadya bwino." Mtsikanayo anali atakhala pakhonde, ndowa ili pambali, wapumira kawiri pochokera pa mjigo wapafupi. Nditamuyang'ana m'zikope ndi m'zikhatho, munali mbuu. Kuchipatala anakamupeza ndi vuto la kuchepa magazi. Mayi ake anaulula kuti chiyambire Januwale mwanayo sanalaweko bonongwe kapena nyemba, koma ndalama ya buleki sinaphonyepo tsiku. Bambo aja anangoti kukamwa yasa.

Ndiye pali ena amene amathawira kwina. Akaona mwana wanenepa, n'kuyamba kumunena pamaso pa abale ake kuti "chimimba ngati mtsuko." Mwana wa zaka 15 mawu otere amawasunga. Amayamba kudumpha nsima mwakabisira, njala ikamupweteka n'kubwereranso ku mandasi omwe aja.

Chochita n'chosavuta. Asatuluke m'nyumba wopanda kanthu m'mimba: futali, phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, kapena mbatata yofiira mkati, yomwe ili ndi vitamini A. Kandalama kaja kachepe, m'chikwama mulowe mtedza wokazinga, nthochi kapena magwafa. Masamba musawaphike mpaka kufuwira, ndipo soda wochuluka amapha mavitamini. Ana ambiri amene amati sakonda masamba amadana ndi kaphikidweko. Mpatseni mthiko tsiku lina aphike yekha, zomwe waphika yekha sazikana. Tiyi asamwere limodzi ndi chakudya chifukwa amatchinga ayironi, koma lalanje kapena malambe amathandiza kuti alowe bwino m'thupi. Musamuphikire zapadera, musamukakamize ndi ukali, idyani naye limodzi. Mukaona akuwonda msangamsanga, akubisa chakudya kapena akusanza akatha kudya, pitani naye kuchipatala sabata yomweyo.