Momwe mungasamalire pessary kuti isakuvulazeni

Chiberekero chikatsika, si mayi aliyense amene amafuna kapena angathe kuchitidwa opaleshoni. Ena dokotala amawaika pessary, kamphete kofewa ka silikoni kochirikiza chiberekero ndi chikhodzodzo kuti zisatsikire kunjira yoberekera. Si njira yolerera ayi. Kamathandiza ndithu, koma kakaiwalika m'thupi kamavulaza.

Yambani tsiku lomwe akuikani. Musanatuluke pachipatala yendaniyendani, khosomolani, nyonyomalani, kenaka mukakodze. Mkodzo ukamavuta kutuluka kapena mukamamva kuwawa, mwina kamphete kakula. Kakagwa ndiye kuti kachepa. Bwererani asinthe, musachite manyazi, chifukwa saizi yoyenera nthawi zina imapezeka atayesa kangapo.

Chachiwiri, onetsetsani kuti tsiku lobwereranso lalembedwa m'buku lanu la kuchipatala. Kawirikawiri amaona pa miyezi 3 mpaka 6 iliyonse: amakachotsa, kukatsuka ndi kuyang'ana ngati mkati muli zilonda. Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Agogo amaikidwa kamphete m'tauni, amabwerera kumudzi osauza aliyense, buku lili m'jumbo pansi pa sutikesi, zaka n'kumapita. Kamphete kotere kamatha kulowerera m'mnofu mpaka kuboola chikhodzodzo kapena matumbo, mkodzo kapena chimbudzi n'kumangotuluka kumaliseche. Imeneyi ndi fisitula, yomwe ku Lilongwe kuno amathandiza pa Bwaila. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika nthawi zambiri kamphete kamakhala kuti kanaiwalika. Choncho uzani mwana wanu wamkazi kapena m'bale amene mumamukhulupirira kuti azikukumbutsani.

Kenako dziwani zizindikiro. Chikazi chochulukirapo pang'ono n'chosadetsa nkhawa. Koma chikayamba kununkha, mukaona magazi pa kabudula wamkati pomwe munasiya kale kusamba, kapena mukamalephera kukodza kapena kuchita chimbudzi, musadikire tsiku lolembedwa lija. Pitani ku Kawale, Area 25 kapena chipatala chilichonse chapafupi, akakutumizani ku Kamuzu Central ngati pakufunika kutero. Akapeza chilonda amachotsa kamphete kwa masabata 2 mpaka 4 kuti chipole. Amayi osiya kusamba khungu lamkati limakhala lopyapyala, motero ena amapatsidwa kirimu wa estrogen, mankhwala opaka mkatimo kuti khungulo lilimbe.

Musalowetse zitsamba, sopo kapena nsalu pofuna kuthetsa fungo. Zimenezi zimangokulitsa chilonda.

Pewani kudzimbidwa, poti kukankha mwamphamvu kuchimbudzi kumagwetsa kamphete. Nsima ya mgaiwa, bonongwe, papaya ndi madzi ambiri zimathandiza. Pewaninso kunyamula zolemera: chigubu cha malita 20 asenze ana. Kakagwa, katsukeni ndi madzi aukhondo, mukakulunge m'kapepala ka pulasitiki n'kupita nako kuchipatala.

Pa za m'nyumba, funsani mtundu womwe akuikani. Wa mphete ambiri amakhala nawo pamodzi ndi abambo popanda vuto, koma wa Gellhorn, wooneka ngati bowa, umatseka njira ndipo umafunika kuuchotsa kaye.