Tochi yothwanima ya mlonda: kasankhidwe ndi kagwiritsidwe ntchito kake

Alonda ena a m'malo ogona alendo, kuyambira pa Mangochi Boma mpaka ku Monkey Bay, ngakhalenso ogonera usipa pa thandala, tsopano akunyamula tochi zokhala ndi strobe, kuwala kuja koyaka n'kuzima mothamanga. Ntchito yake ndi kuthobwa wakuba m'maso kwa masekondi ochepa kuti inu mupeze mpata woimba wezulo kapena wothawa. Munthu siimugwetsa, ndipo mlonda woiyesa chida chomenyera nkhondo adzavulala.

Munthu akakhala mumdima mphindi 20 mpaka 30, maso ake amazolowera ndipo mwana wa diso amakula. Kuwala kwamphamvu kukamathwanima maulendo 10 mpaka 15 pa sekondi, maso amalephera kutsatira. Munthuyo sadziwa kuti muli patali bwanji kapena mwalowera kuti, ena mpaka chizungulire. Masana kapena pakhonde powala babu, musayembekezere zambiri.

Pogula, yambani mwayesa batani. Tochi zotchipa zimafuna kudina katatu kapena kanayi kuti mufike pa strobe, ndiye munthu akukuthamangirani, mudina liti? Funani yokhala ndi batani lapadera la strobe, makamaka lakumbuyo lodina ndi chala chachikulu. Kuwala kukhale ma lumen (muyeso wa mphamvu ya kuwala) 500 mpaka 1,000 enieni. Manambala a zikwi makumi olembedwa pa katoni ndi okopera ogula basi.

Batire ndiye pagona chinyengo chachikulu. Tochi zambiri zimayendera batire ya 18650, ya mavoti 3.7, imene ikadzadza imafika 4.2. Yeniyeni siposa kwenikweni 3,500mAh (mAh ndi muyeso wa moto umene batire imasunga) ndipo imalemera pafupifupi magalamu 45. Mukaona yolembedwa 9,900mAh koma m'manja ili pepupepu, isiyeni. Khalani ndi mabatire awiri, ina muzitchaja masana pa sola, koma batireyo ikhale pamthunzi. Dzuwa la kuno mu Okutobala limawononga batire msanga, ndipo yotupa kapena yong'ambika chikutiro ikhoza kuyaka moto.

Mukamva mswanyo, musayambe ndi strobe. Unikani ndi kuwala wamba, muone manja a munthuyo, mumufunse. Nthawi zambiri amakhala msodzi wochokera kunyanja kapena mlendo wosokera. Ngati akubwerabe mwaukali, gwirani tochi chapambali, kutali ndi thupi, chifukwa woponya mwala kapena chikwanje amalunjika pamene pakuchokera kuwala. Lozani kumaso ali pa mamita atatu mpaka asanu, thwanimitsani masekondi awiri kapena atatu, zimitsani, n'kusuntha pamene munaima, wezulo ali kukamwa. Mukachedwetsa, iye amangotseka maso ndi mkono n'kuthamangira komwe kuli kuwalako. Samalaninso ndi khoma lopaka laimu: limabweza kuwala n'kukuthobwani inu nomwe. Yesererani zonsezi pamalo anu antchito usiku wopanda mwezi, mukuloza pa mtengo, mpaka chala chizolowere.

Mchenga ndi chinyontho cha kunyanja zimalowa m'mazinga a chivindikiro, tochi n'kumazima yokha. Pukutani mazingawo ndi kansalu kouma sabata iliyonse, ndipo kamphira kotchinga madzi kakaduka, ikani kena.

Musaunikire madalaivala kapena akabaza pamsewu, ngozi yake ndi ya imfa. Ana asaseweretse tochiyi, chifukwa kuthwanima kwa maulendo 3 mpaka 30 pa sekondi kumatha kugwetsa anthu ena odwala khunyu. Wina akagwa n'kuyamba kuphupha, zimitsani msanga, chotsani zinthu zomwe zingamuvulaze, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo akasiya kuphupha mugonekeni chammbali. Zikapitirira mphindi zisanu, thamangirani naye kuchipatala. Timalaser tobiriwira togulitsidwa pamodzi ndi tochi timeneti musatiloze m'maso mwa munthu ngakhale pang'ono, timatha kuwononga diso mpaka kalekale.