Mwasiya munthu pa golosale? Chitani izi musanayambe kulira shoti

Golosale ikayamba kuyenda timafuna munthu woti azikhalapo ife tikapita kukaoda ku Limbe kapena ku Malangalanga, nde ambiri timangoitana mwana wa achimwene kumudzi, kumupatsa makiyi basi. Pakatha miyezi ingapo mashelefu ayera, ndalama sizikuoneka, nkhani yafika mpaka kwa amalume. Koma kunena zoona nthawi zambiri mwanayo sikuti ndi wakuba, vuto limakhala bwanayo amene sanaike dongosolo lililonse.

Tsiku loyamba makiyi adikire kaye. Tsekani shopu, tengani hadikava muwerenge katundu limodzi, shuga mapaketi angati, sopo makatoni angati, makreti ndi mabotolo opanda kanthu omwe chifukwa nawonso ndi ndalama, kenako nonse musaine. Muzibwereza sabata iliyonse pa tsiku lodziwika, osati kumangotulukira mwakwiya kale. Pomwe pamabisala shoti kwambiri ndi pa zinthu zoyeza, mafuta ophikira a m'timachubu, mchere, ufa wa walkman. Yezani nokha kaye iye akuona kuti chigubu cha malita 5 chikutulutsa timachubu tingati, mugwirizane nambala, apo bii muzingokangana mwezi ndi mwezi.

Tsopano apa nde pamene mabwana ambiri safuna kumva. Inuyo mukatapa shuga wa kunyumba muzilipira, kapena mulembe m'kope ndi dzanja lanu. Madam akatuma mwana kudzatenga buledi ndi mazira zilembedwe pompo. Mukatenga ndalama ya minibasi m'kabati, lembani. Munthu sangasamale kope lomwe mwini wake akulipondereza, ndipo akaona kuti inu mumangopisa dzanja naye ayamba pang'onopang'ono, kaye ka Fanta kenako mayunitsi. Dziikireni salale yanu, ngakhale yochepa, zotsalazo ndi mpamba osakhudza olo kubwere maliro a kuchimuna.

Za ngongole muikeni pabwino wantchito wanu. Mwana wa zaka 20 sangawakanize apongozi anu kapena amfumu, nde mupatseni mayina a anthu omwe mwavomereza ndi malire a ndalama, ena onse azingowauza kuti abwana analetsa, mkwiyo wawo ubwere kwa inu. Airtel Money kapena Mpamba ikhale pa layini ya shopu osati pa foni yake, madzulo muziona mameseji nkufananiza ndi kope.

Mitengo musamusiyire kuti aziganizira. Mukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anagulitsa pa mtengo wakale anasangalala kuti katundu watha msanga koma atapita kukaoda anabwerako ndi makatoni ochepa. Mtengo uzitengera ndalama yomwe mukaodere mawa osati yomwe munaodera dzana. Ukasintha mutumizireni pa WhatsApp nthawi yomweyo muli kuholoselo konko, alembe pakatoni apachike poonekera.

Malipiro akhale ndi tsiku lake ndipo lisamasunthe. Zoti "udya konkuno, ugona konkuno, tidzaona kutsogolo" zimabala shoti. Wachibale nayenso ndi wantchito, lamulo la Employment Act la 2000 limanena za maola 48 pa sabata komanso tsiku lopuma, ndipo simungamuchotse munthu popanda chifukwa chomveka komanso osamumvako mbali yake, akakusumirani ku leba mudzatuluka thukuta. Funsani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu kuti malipiro otsikitsitsa panopa ali pa zingati poti amasinthasintha.

Akalakwitsa musamukalipire pamaso pa makasitomala, dikirani mutseke mukhale pansi, mumuonetse tsamba lomwe masamu sakugwirizana afotokoze yekha. Mwina anasokoneza chenji, mwina makoswe aboola paketi, zimachitika. Komanso muzimufunsa zomwe anthu akufuna koma mulibe, iyeyo ndi amene amamva tsiku lonse "mulibe ka sopo kakang'ono kaja?", mupatseni tsamba lakumapeto kwa kope azilembamo. Mukapita kooda tengani tsambalo, ndipo katundu yemwe wanena iye akayenda bwino muponyereni kenakake pamwamba pa salale mwezi umenewo.