Mafuta a mabuleki: werengani chivindikiro musanathire

Pikapu kapena njinga yamoto yonyamula kachewere kuchokera ku Bembeke kupita ku Golomoti imadalira mabuleki kuyambira pamwamba pa Khwekhwelere mpaka kumunsi. Pa mtsetse wotere mabuleki amatentha kwambiri, ndipo m'pamene mafuta olakwika kapena okalamba amamutaya munthu.

Pa chivindikiro cha kathanki ka mafuta a mabuleki pamalembedwa mtundu wa mafuta ofunika, monga DOT 3 kapena DOT 4. Thirani omwewo basi. Pofunika DOT 3 mutha kuthira DOT 4, poti ndi a banja limodzi ndipo DOT 4 amapirira kutentha, koma pofunika DOT 4 musabwerere ku DOT 3. DOT 5 asakupusitseni ndi dzina: ndi a silicone ndipo sasakanikirana ndi enawo.

Choopsa kwambiri n'kuwonjezera oyilo wa injini, wa jeke kapena wofiira uja wa ATF (wa mu giyabokosi ya automatic) chifukwa choti ndi amene ali pafupi. Marabala a mu master cylinder (kapampu kokankha mafuta mukagwira buleki) ndi mu caliper (chopanira mapadi a buleki ku tayala) anapangidwira DOT, ndipo akakhudza oyilo amafufuma n'kufewa. Rabala lofufuma limatseka kabowo kobwezera mafuta ku kathanki, ndiye buleki imagwira osasiya, tayala n'kumatentha. Pena mafuta amangodutsa m'mbali mwa rabala, buleki osagwira n'komwe. Zikatero kukhetsa mafuta kokha sikuthandiza. Marabala onse ndi mapaipi a rabala asinthidwe. Komatu pali makina ena, monga mathirakitala ena ndi ndege zina zopanda injini zotchedwa glider, amene mabuleki ake amafuna oyilo wa mineral, ndipo kumeneko DOT ndiye amawononga marabala. N'chifukwa chake sitiweruza ndi maonekedwe a mafuta koma ndi zolembedwa.

DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mu mpweya, ndipo kwathu kuno nkhungu sisowa. DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 155. Akawira amachita thovu, thovulo limafinyika, chogwirira cha buleki n'kufika pa handulo popanda chochitika. Sinthani mafuta zaka ziwiri zilizonse, kapenanso msanga akayamba kuda ngati tiyi. Gulani botolo lomata, osati mafuta opungulira m'mabotolo a zakumwa.

Posintha pa njinga, pukutani chivindikiro musanatsegule kuti fumbi lisagweremo. Lowetsani kapaipi koonekera mkati pa kanati kotulutsira mpweya ka pa caliper, mbali inayo muiviike m'botolo lokhala ndi mafuta pang'ono. Popani chogwirira katatu, chigwireni chomwecho, masulani kanatiko pang'ono ndi sipanala (nthawi zambiri ya 8), kenaka mangani musanasiye chogwirira. Mukasiya musanamange, mpweya umabwerera. Bwerezani mpaka mafuta atuluke oyera opanda thovu, uku mukuwonjezera m'kathanki kuti kasaume. Odonthera pa penti atsukeni ndi madzi pompo, amasupula.

Mafuta akamatsika pang'onopang'ono, onani mapadi musanawonjezere, poti mapadi akamatha mafuta amatsika. Mapadiwo akatsala mamilimita 2, asintheni. Mafuta akamatsika msanga, penapake pakudontha, ndipo njingayo isanyamule munthu kapena katundu mpaka mutapapeza. Potsika phiri lowani giya yotsika kuti injini izithandiza, mabuleki muziwagwira mopumira.