Momwe mungayendere patchuthi kuchokera ku Mangochi mpaka ku tchalitchi chachikulu cha pachilumba cha Likoma

Ambirife kuno ku Mangochi nyanja timaidziwa ngati kogula usipa ndi kochapira basi. Zokwera boti kukaona zilumba timasiyira azungu, ngati kuti nyanjayi ndi yawo. Chonsecho munthu wa ku Mpondasi kapena ku Namwera atha kuyenda ulendo wa sabata imodzi, kuona matauni a m'mbali mwa nyanja mpaka kukapemphera ku Likoma. Chachikulu n'kudziwa poyambira.

Choyamba, funsani za sitima ya Ilala

Musanapemphe tchuthi kuntchito, musanalonjeze ana chilichonse, pitani kapena tumani munthu kudoko la Monkey Bay akafunse tsiku lomwe Ilala inyamuke. Mwachizolowezi imanyamuka Lachisanu n'kufika ku Likoma Loweruka, koma sitimayi ndi nkhalamba. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa n'kudzailumikiza ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Nthawi zina imaimitsidwa kuti aikonze. Mukadziwa tsikulo, werengani masiku atatu chobwerera m'mbuyo. Ulendo wanu uyambira pamenepo. Funsaninso tsiku lomwe imadutsa pa Likoma pobwerera, chifukwa ikakusiyani mudzaidikira mpaka sabata inayo.

Tsiku loyamba lithereni pa boma pompano

Mwina mukuseka, poti mumadutsapo tsiku lililonse. Koma ndi kangati munaimapo pa nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi n'kuwerenga zolembedwapo? Inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imeneyo tauniyi ikutchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mfuti yomwe inali pa sitima ya Guendolen, ija inakawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangoyamba. Palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ine ndimati muwerenge chimenechi musanakwere sitima iliyonse, kuti woyendetsa boti akakupatsani jekete yoyandamitsa musamachite nayo manyazi.

Mukatero lowani mu Lake Malawi Museum chapafupi pomwepo. Ola limodzi likwana. Ngati dzuwa likadalipo, wolokani Shire mukafike ku Malindi, komwe kuli mishoni yakale ya Anglican ndi chipatala cha St Martin's.

Kenako Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, masiku awiri

Kwerani minibasi yolowera ku Monkey Bay, mutsikire pamphambano ya ku Cape Maclear musanalowe m'tauni. Kuchokera apo kwatsala makilomita pafupifupi 18 odutsa m'mapiri, ndipo panjinga yamoto mtengo mugwirizane musanakwere. Anyani a m'njiramo musawaonetse nthochi.

Kuno musathamange. M'mawa kukacha, nyanja isanayambe kuwinduka, pitani ku Otter Point. M'njira muona manda a amishonale a Livingstonia, omwe anafika pano mu 1875 ndi Dr Robert Laws. Malungo anawatha mphamvu, moti mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Malowa ali mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Pakhomo pamalipiridwa, koma Mmalawi salipira ngati mlendo wakunja, choncho chiphaso chanu chaunzika chikhale m'thumba.

Boti lopita ku chilumba cha Thumbi musamakwere nokha, mtengo ukupwetekani. Pezani anthu ena anayi kapena asanu mugawane. Mukafika, vinikani nkhope m'madzi pafupi ndi miyala: nsomba za mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere zimabwera mpaka kukukhudzani zala. Woyendetsa boti amabaya kansomba ndi bango, kuimba likhweru n'kukaponya pamadzi, ndiye nkhwazi imatsika kuchokera mumtengo ngati mwala, n'kukatola zikhadabo zokha zitanyowa. Kamwana kanga kanaiwala kuti kali ndi foni m'manja.

Posamba pewani pomwe pali bango ndi madzi odikha pafupi ndi mudzi, poti nkhono zofalitsa likodzo zimakonda malo otere. Mukabwerera kwanu kayezetseni kuchipatala pakapita milungu ingapo.

Lachinayi mukagone ku Monkey Bay

Musayerekeze kunyamuka ku Chembe m'mawa wa tsiku la sitima. Gulani madzi akumwa, buledi, chambo chowotcha, ndipo tapani ndalama zokwanira musanakwere, musadalire kuti mukatapa kuchilumba. Musitima muli magawo. Pansi m'potchipa koma mumadzaza matumba a chimanga, malata ndi nkhuku. Ngati thumba likulola, gulani tikiti ya pamwamba, muyale mphasa panja. Bulangeti musaiwale, makamaka Juni mpaka Ogasiti pamene mwera ukuomba. Mphepo imeneyo ndi yomwe imasanzitsa anthu, ndiye amene mumachita chizungulire sankhani miyezi ina. Pamadoko ena sitima imaima patali ndipo anthu amatsikira m'maboti, choncho foni ndi ziphaso zikulungeni mupulasitiki.

Ku Likoma

Chilumbachi ndi cha Malawi ngakhale madzi ochizungulira ndi a Mozambique, ndipo mapiri mukuwaona tsidya linalo ndi a ku Cobue. Milambe ili paliponse. Kuchokera kumsika wa Mbamba n'koyenda wapansi kukwera mtunda kukafika pa St Peter's Cathedral.

Amishonale a Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika pano mu 1885. Malo omwe anamangapo tchalitchichi amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mwala wa maziko anauika ndi Bishopu Gerard Trower mu 1903, ndipo tchalitchi chinapatulidwa mu 1911. Mukaima pakhomo mudzadzifunsa kuti chinyumba chachitali chotere anachimanga bwanji pakachilumba kopanda msewu wochokera kumtunda. Kumbali kuli makonde a zipilala ozungulira bwalo, ozizira ngakhale masana a Okutobala, omangidwa mofanana ndi nyumba za amonke za ku Ulaya. Khalani pamenepo kaye musanatulutse foni.

Apa m'popempherera, osati pagombe. Amayi tengani chitenje, abambo kabudula wosambira musiye kogona. Funsani wosamalira tchalitchi, "Bambo, tingalowe nawo kuti tione?" ndipo nthawi zambiri akuyendetsani yekha, kukuonetsani mipando yosemedwa ndi magalasi amitundumitundu a m'mazenera. Kangachepe komuthokoza mukonzeretu. Poti sitima imafika Loweruka, Lamulungu m'mawa mukhala muli pomwepo. Ngakhale muli Msilamu kapena wa mpingo wina, khalani kumbuyo mumve kwaya ikuimba m'Chinyanja cha ku Likoma, chomwe mawu ena muchita kufunsa tanthauzo.

Masiku otsalawo sambani, yendani, idyani nsomba. Koma tsiku lobwerera fikani kugombe msanga ndi katundu yense, ndipo khutu likhale kunyanja, poti Ilala imatha kuliza lipenga lake pakati pa usiku.