Momwe mungakonzere ana sabata ya sayansi ndi zachipatala pa tchuthi chachikulu

Funsani mwana wa Fomu 1 kuti akufuna kudzakhala ndani, ambiri akuyankhani kuti dokotala kapena namwino. Mufunseninso kuti udokotalawo amauphunzira kuti, kwa zaka zingati, muona akukanda m'mutu. Yunivesite ya MUST ku Thyolo imakhala ndi kampu ya sayansi ya atsikana a kusekondale, koma Thyolo ndi kutali ndipo si onse angapezeko malo. Ife aphunzitsi ndi makolo kuno ku Kasungu tingathe kukonza yathu yathu ya masiku asanu, pasukulu pomwepo, sukulu zikatsekera kumapeto kwa chaka cha sukulu. Ine ndinayesapo, ndipo umu ndi momwe zimayendera.

Yambani ndi kusankha ana. Asapose 25, a zaka 12 mpaka 15, theka akhale atsikana. Msinkhu umenewu ndaunena dala. Mwana akamalowa Fomu 3 amasankha maphunziro, ndipo ambiri amathawa Physics ndi Chemistry chifukwa chomva kwa anzawo kuti ndi zovuta. Akazitaya pamenepo, khomo la udokotala latsekeka iye asakudziwa. Ndiye muwapeze asanafike pamphambano imeneyo. Musatenge okhoza bwino okhaokha. Kamwana kamene kamakonda kumasula wailesi ya bambo ake nakonso kalowe.

Kenako makalata. Kwa ahedi kupempha chipinda, kwa amfumu kuti adziwe, kwa kholo lililonse kuti lisaine kuvomereza. Kalata yofunika kwambiri ndi yopita ku ofesi ya DHO (mkulu wa zaumoyo m'boma lanu) ngati mukufuna kuti ana akaone chipatala cha boma, kapena kwa oyang'anira ngati muli pafupi ndi chipatala cha mishoni monga St Andrew's ku Mtunthama kapena cha ku Nkhamenya. Lembani mwezi wathunthu nthawi isanakwane, mukaperekenso nokha pamanja. Ya pa WhatsApp imaiwalika.

Pa alendo odzalankhula ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Amathamangira kusaka dokotala mmodzi wa jekete yoyera, iye n'kudzayankhula maola awiri ana akusinza. Chipatala si dokotala yekha. Itanani clinical officer, mzamba, wa ku labu, wa ku famase, wojambula X-ray, HSA (mlangizi wa zaumoyo) wa m'dera lanu, ngakhale mlangizi wa ziweto. Aliyense mphindi 30 zokha, ndipo mumupemphe kuti asalalikire. Anene kusukulu komwe anaphunzira, mapointi amene anapeza ku MSCE, ngati anabwerezapo mayeso, ndi chimene chimamutopetsa pantchito. Mayi wina wa ku labu atauza ana athu kuti anachokera ku CDSS yopanda labu ndipo mayeso analemba kawiri, mtsikana wina amene anali duu chiyambire anakweza dzanja. "Madamu, ndiye kuti nanenso zingatheke?" Mafunso anayambira pamenepo.

Tsiku lililonse ana agwire kanthu ndi manja awo. Simufunika zipangizo zodula. Wiritsani chidede, madzi ake ofiirawo muwagawe m'makapu atatu agalasi. M'kapu yoyamba finyirani mandimu, aone kufiira kukuwala. Yachiwiri muisiye. Yachitatu thirani chidulo kapena soda wophikira therere, aone madziwo akutembenuka kukhala obiriwira moderako. Mwawaphunzitsa kale ma acid ndi ma base a mu Chemistry, kuchokera kukhitchini ya amayi awo. Tsiku lina awerengane kugunda kwa mtima padzanja kwa mphindi imodzi, alembe, athamange kuzungulira bwalo la mpira, awerengenso. Munthu wamkulu akakhala phee mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pamphindi. Aloleni akangane okha chifukwa chomwe nambala yakwerera musanawauze za mpweya umene minofu ikufuna. HSA abweretse kalamba kamitundu kamene amayezera mkono wa ana aang'ono kusikelo, awaonetse kuti kufiira kumayambira pansi pa masentimita 11.5 ndipo mwana wotere ndi wonyentchera kwambiri.

Ngati mungabwereke microscope ku sekondale yapafupi, chitani chilichonse kuti ipezeke. Kakhungu ka anyezi ndi dontho la madzi a padambo ndi zokwanira. Mwana amene waona ndi maso ake tizilombo tikuyendayenda m'madzi ooneka oyera sadzafunanso kukakamizidwa kuthira WaterGuard mu ndowa.

Za magazi samalani. Mwana asabayidwe kapena kubaya mnzake, olo atachonderera bwanji. Kayezedwe ka malungo aonetse wachipatala yekha, ana angoyang'ana mizere ikutuluka pakachipangizoko patapita mphindi 15 kapena 20. Mnyamata wathu wina amene ankadzitcha dokotala sabata yonse anakomoka atangoona kadontho ka magazi. Khalani ndi madzi, ndipo musalole anzake amuseke.

Ulendo wa kuchipatala ukhale tsiku lachinayi, masana, mzere wa odwala utachepa. Agaweni asanuasanu. Akaone labu, famase, kosungira katemera m'mafiriji, koma m'mawodi asalowe, ndipo foni zitsale. Wodwala si chionetsero, ndiponso mwina ndi neba wa mwanayo. Asambe m'manja polowa ndi potuluka.

Tsiku lomaliza itananinso makolo, mujambule njira pabolodi. MSCE yokhala ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi ndiyo chiyambi cha kuyunivesite, ndipo wofuna udokotala akhoze kwambiri Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Udokotala amaphunzira ku yunivesite ya KUHeS, yomwe inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing: chaka chimodzi chokonzekera, kenako zaka zisanu. Ma clinical officer ndi ena a zachipatala amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba. Unamwino uliponso m'makoleji a mishoni a CHAM monga Nkhoma ndi Ekwendeni, ndipo udokotala wa ziweto uli ku yunivesite ya LUANAR. Muwakumbutsenso za William Kamkwamba wa ku Wimbe konkuno, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa cha fizi, pongowerenga mabuku a mulaibulale yaing'ono.

Za chakudya musadere nkhawa kwambiri, ndi nthawi yoti chimanga chili m'nyumba. Kholo lililonse lisonkhe mbale ya ufa ndi nyemba kapena mtedza, amayi a mother group aphike. Ndalama yochepa imene mungapeze muisungire thiransipoti ya alendo anu, ndipo muwapatse tsiku lomwelo asanakwere kabaza.